Ma ohm 50 amene sitinawawerengere

Nditamva kuti sabata yotsatira tidzagwiritsa ntchito jenereta m'labotale, maganizo anga anathamangira ku chimakina chija chimabangula kuseri kwa sitolo magetsi akazima, chonunkha dizilo, chofuna munthu wamphamvu kuti achikoke chingwe. Tsiku litafika, bambo oyang'anira labotale anatiikira patebulo kabokosi kotuwa, kocheperapo pa wailesi ya agogo anga, kokhala ndi timabatani ndi kagudumu kamodzi kopotokola. Pamaso pake panalembedwa kuti function generator. Sikalira, sikatulutsa utsi, ndipo mphamvu yake siingatenthetse ngakhale simbi yositira. Komatu kabokosi kameneka kanandisowetsa tulo, ndipo kanatsala pang'ono kundichititsa chinthu chomwe ndikanachita nacho manyazi mpaka lero.

Ndinaphunzira pa sekondale ya mpingo, ndipo sindiinyoza. Tinali ndi mabatire, timababu, mawaya, ammeter ndi voltmeter zingapo, komanso mwala wa pachingwe woyezera mphamvu yokoka ya dziko. Koma oscilloscope ndinkangoiona pa chithunzi m'buku. Mafunde a magetsi tinkawajambula ndi choko pabolodi, ndipo ine ndinali katswiri powajambula. Ndinakhoza bwino mayeso a MSCE ndisanaonepo funde ngakhale limodzi likuyenda pa sikirini. Chinanso n'chakuti pa zoyesayesa zathu zonse, yankho tinkalidziwa tisanayambe. Ntchito yathu inali kufika pa yankholo, kaya tadzera kuti.

Kwa amene simunalowepo m'labotale ya fizikisi, ndifotokoze kaye ntchito ya kabokosika. Batire limapereka magetsi oyenda mbali imodzi, osasinthasintha. Magetsi a ESCOM a pa soketi amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, pa mphamvu ya ma volt pafupifupi 230. Simungawauze kuti fulumirani kapena chedwani, ndipo mukawaseweretsa amapha. Function generator imapereka magetsi ochepa, a ma volt owerengeka chabe, koma omvera. Inu ndi amene mumasankha zinthu zitatu. Choyamba ndi maonekedwe a funde: losalala lokwera ndi kutsika ngati la panyanja, lomwe amati sine, lamakona ngati munthu akuyatsa ndi kuzimitsa switchi, lomwe amati square, kapena losongoka ngati madenga a nyumba zondondozana, lomwe amati triangle. Chachiwiri ndi liwiro lake, kutanthauza maulendo amene fundelo likubwereza pa sekondi imodzi. Liwiro limeneli limatchedwa frequency ndipo limayezedwa mu hertz, dzina la Heinrich Hertz, wasayansi wa ku Germany amene anasonyeza mu 1887 kuti mafunde a wailesi alipodi. Chachitatu ndi kutalika kwa fundelo kuchokera pansi kufika pamwamba, mu ma volt. Oscilloscope ndiye mnzake wa makinawa. Iyo imajambula pa sikirini magetsi amene mwaiyezetsa, kuti muone ndi maso zomwe zikuchitika m'waya.

Tsiku loyamba linali lachisangalalo. Bambo aja analumikiza kabokosika ku sipika n'kuyamba kupotokola kagudumu pang'onopang'ono. Pa 20 Hz sipika inkangonjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Pa 100 Hz inayamba kung'ung'udza. Itafika pa 440 Hz, mtsikana wina woimba kwaya anakweza mutu n'kunena kuti, "Imeneyo ndi A." Ananena zoona, pakuti oimba ambiri padziko lonse amachunira zida zawo pa 440 Hz. Bambowo anapitiriza kukweza mpaka kulirako kunasanduka kamluzu kolasa m'makutu. Cha m'ma 16,000 Hz ife tinali titatseka makutu, koma iwo anatiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati sipika ikulirabe. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz mpaka 20,000 Hz, ndipo malire apamwambawo amatsika munthu akamakula. Tinaseka, iwonso anaseka, amvekere, "Sekani lero, aphunzitsi, zikubwera kwa inunso."

Kenako anabwerera pa 440 Hz n'kudina batani la funde lamakona. Nyimbo inali yomweyo, koma liwu linasanduka lokhakhala ngati la njuchi m'chitini. Anatifotokozera kuti zimenezi zinadziwika kalekale ndi masamu a Joseph Fourier wa ku France, amene analemba buku lake la kayendedwe ka kutentha mu 1822. Funde lamakona ndi mafunde osalala ambiri ophatikizana. La 440 Hz limanyamula mkati mwake la 1,320 Hz, la 2,200 Hz, ndi ena otero, lililonse lofookerapo kuposa linzake. Khutu limawamva onse pamodzi, n'chifukwa chake liwulo limakhakhala.

Ndinafunsa kuti kodi anthu ochita kafukufuku amafuniranji makina ongotulutsa mafunde. Yankho lawo ndimalikumbukirabe. Anandifunsa zomwe amayi anga amachita akafuna kugula mphika wadothi kumsika. Ndinati amaugogoda ndi chala. Ukalira kuti ngwee, ndi wabwino. Ukalira kuti phwa, uli ndi mng'alu. Iwo anati kafukufuku wambiri wa m'labotale ndi womwewo: umagogoda chinthu, n'kumvetsera momwe chayankhira. Kusiyana kwake n'kwakuti chala cha amayi chimagogoda mosiyanasiyana, pamene function generator imagogoda mofanana ulendo uliwonse, ndipo umatha kulemba kuti wagogoda mwamphamvu bwanji komanso mofulumira bwanji. Opanga zokuzira mawu amalowetsa funde lodziwika n'kuona ngati latuluka lili lopindika. Ofufuza za zomangamanga amakuza fundelo n'kugwedeza nalo kachitsulo kapena kathabwa kuti apeze liwiro limene kamanjenjemera kwambiri. Ofufuza za mafunde opitirira malire a khutu, monga aja amaunikira amayi oyembekezera kuchipatala, amayendetsa timiyala tapadera pa maulendo mamiliyoni pa sekondi. Makina oyezera makutu nawonso amagwira ntchito mofananamo, popereka liwu limodzi loyera pa nthawi n'kuona ngati munthu walimva.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti kampani ya Hewlett-Packard, yomwe ambirife timaidziwira pa makompyuta ndi maprinta, inayambira pa kholo la makina amenewa. Mu 1939 Bill Hewlett ndi David Packard ankapanga m'garaja ku Palo Alto, ku California, kachipangizo kotulutsa mafunde osalala a mawu kotchedwa 200A. Situdiyo ya Walt Disney inagula asanu ndi atatu a mtundu wotsatira wake, 200B, pokonzekera kanema wa Fantasia. Makina ambiri amakono amachita ntchitoyi ndi manambala: amasunga m'kati mndandanda wa manambala ofotokoza funde, n'kumawasandutsa magetsi mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake manambala a pa kasikirini kake amaoneka odalirika chonchi. Ine ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo m'pamene panagona vuto.

Sabata yachitatu anatigawa m'magulu a anthu atatuatatu n'kutipatsa kakafukufuku koti tichite tokha ndi kulemba lipoti. Ntchito yake inali kuyeza sefa ya magetsi yopangidwa ndi tizipangizo tiwiri, resistor ndi capacitor. Resistor imapinga magetsi, ndipo kupinga kwake kumayezedwa mu ma ohm. Capacitor imadzaza ndi kukhuthula magetsi ngati kandowa, ndipo kukula kwake kumayezedwa mu microfarad. Mukazilumikiza motsatana n'kuyeza magetsi a pa capacitor, mafunde ochedwa amadutsa athunthu chifukwa kandowako kamapeza nthawi yodzaza, koma mafunde ofulumira amatuluka ofupika chifukwa asanakadzaze amakhala atabwerera kale. Malire a sefayi ndi liwiro limene funde lotuluka latsika kufika pa 0.707 ya funde lolowa. Masamu ake ndi apafupi: 1 kugawa ndi 2πRC. Pepala la malangizo linati titenge resistor ya ma ohm 1,000 ndi capacitor ya 0.1 microfarad, zomwe zimapereka malire a 1,590 Hz kapena chapompo.

Gulu lathu linafika mochedwa Lachiwiri lija, ndipo tinapeza ma capacitor a 0.1 microfarad atatha m'kabati. Otsala anali a 1 microfarad. Apa m'pamene ndinaonetsa nzeru zanga. Ndinauza anzanga kuti m'masamu aja chofunika ndi R kuchulukitsa ndi C. Ngati capacitor yakula kakhumi, tichepetse resistor kakhumi, yankho likhala lomwelo. Tinatenga ya ma ohm 100. Mnzanga wa m'chipinda chimodzi anandimenya paphewa, amvekere, "Aise, mutu wakowu ndi wa ndalama." Mtsikana wa m'gulu lathu anawerengetsa pa kakyuleta n'kuvomereza kuti 1,590 Hz yatulukadi. Sitinafunse munthu.

Tinaika makina pa funde losalala la ma volt 2 kuchokera pansi kufika pamwamba, n'kulumikiza oscilloscope pa capacitor. Pa 100 Hz sikirini inaonetsa ma volt 2, monga tinkayembekezera. Tsono tinangofunika kukweza liwiro mpaka fundelo litatsika kufika pa 1.41, yomwe ndi 0.707 ya 2. Ndinkapotokola ine, mnzanga akuwerenga sikirini, mtsikanayo akulemba. Tinali tisanafike n'komwe pa 1,100 Hz pamene mnzanga anati, "Ima, yakwana." Ndinayang'ana kasikirini ka makina: 1,060 Hz. Ndinati wawerenga molakwa. Tinasinthana malo n'kubwereza, ndipo inatulukanso 1,060. Kachitatu, chimodzimodzi. Titafika pa 1,590 Hz, pomwe buku linati tipeze 1.41, ife tinapeza 1.11.

Magulu ena anali akulongedza kale. Ndinazungulira matebulo kufunsa, ndipo onse anapeza malire cha m'ma 1,500 Hz, pafupi ndi yankho la m'buku. Ife tinaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Lachitatu tinabwereranso pa nthawi yopuma. Tinayang'ana mizere ya pa resistor: wofiirira, wakuda, wofiirira, kutanthauza 100. Tinaiyeza ndi multimeter, inali bwino. Tinasintha mawaya onse. Tinasintha capacitor kawiri. Pa thupi la capacitor panali chizindikiro chakuti ikhoza kusiyana ndi nambala yake ndi 10 pa 100 iliyonse, koma kusiyana kotere sikungatsitse 1,590 kufika pa 1,060. Chilichonse chinali cholondola, koma yankho linali lolakwa.

Lipoti linkafunika Lachisanu m'mawa, pakuti masana ake labotale ndi maofesi zimatsekedwa pokonzekera Sabata. Madzulo a Lachitatu tili ku chipinda chodyera, mnzanga anatsitsa mawu n'kunena zomwe inenso ndinali nditaziganiza kale. "Aise, amene akachonge akudziwa kuti yankho ndi 1,590. Bwanji tingowasuntha manambalawa pang'ono? Tilembe 1,540, asatikayikire. Tikapereka 1,060 atifunsa kuti malangizo tinawasiyiranji, ndiye tiluza kawiri." Mtsikana uja anaika supuni pansi. "Achimwene, mukatero dzina langa mulichotsepo. Manambalawo ndinalemba ndine, ndi dzanja langa." Anatenga mbale yake n'kuchoka.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinagwirizana naye nthawi yomweyo, koma si mmene zinalili. Malikisi a phunziro limeneli ndi ofunika kwa ine. Amalume amene amandilipirira fizi amafunsa zotsatira teremu iliyonse, ndipo ndalama imene amanditumizira ndimadziwa kumene imachokera. Komanso nzeru yosintha tizipangizo inali yanga, ndiye kulakwako kunali kundiloza ine. Usiku umenewo ndinatsegula kope langa, ndipo pa tsamba loyang'anana ndi manambala enieni ndinalemba mndandanda wina. Ndinawerengetsa kuchokera ku masamu, n'kumawonjezera kapena kuchotsera pang'ono kuti aoneke ngati oyezedwa. Sizinanditengere mphindi makumi awiri. Chimene chinandiopsa n'chakuti dzanja langa linkaidziwa ntchitoyi. Ndinakumbukira kuti ndili Fomu 3 ndinayeza mphamvu yokoka ya dziko ndi mwala wa pachingwe n'kupeza 11 ndi kanthu, pamene buku limati 9.8. Ndinafufuta nthawi zomwe ndinayeza n'kulemba zina. Ndinapatsidwa malikisi onse, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe chinalakwika tsiku lija, kaya ndinayeza chingwe molakwa, kaya ndinawerenga maulendo mopereweza. Mwayi wodziwa ndinaufufuta ndi labala.

Ndinagona ndi masamba awiriwo, wina woona wina wabodza. M'mawa wa Lachinayi ndinauza mnzanga kuti tiyese kaye kufunsa, bodza silithawa, tikhoza kulipereka mawa. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula. Tinapita tonse atatu kwa bambo oyang'anira labotale, ndipo ndinawaululira kuti tinasintha tizipangizo osawauza.

Sanakalipe. Anayang'ana manambala athu kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Magetsi olowa munawayeza?"

"Tinaika ma volt 2, bambo," ndinayankha.

"Sindinafunse zomwe munaika, aphunzitsi. Ndafunsa zomwe munayeza."

Tinayang'anana. Oscilloscope ili ndi makomo awiri olowetsera, koma ife tinagwiritsa ntchito limodzi lokha, la pa capacitor. Magetsi olowa sitinawayeze chifukwa kasikirini ka makina kanali katatiuza kale. Anatiuza kuti tilumikizenso zonse monga tinachitira, ndipo khomo lachiwiri tiliike pamene waya wochokera ku makina wakumana ndi resistor. Pa sikirini panabwera mafunde awiri. Pa 100 Hz onse anali pa ma volt 2. Nditayamba kupotokola, funde la pa capacitor linayamba kutsika monga kale. Koma linzake lija, lolowa, lomwe tinkati silisintha, nalonso linayamba kufupika tikuona. Pa 1,590 Hz linali pa 1.57. Pa 10,000 Hz linali litatsika kufika cha pa 1.34. Nthawi yonseyi kasikirini ka makina kanali kakunenabe kuti 2.

Mtsikana uja ndiye anayamba kuona. Anagawa 1.11 ndi 1.57 pa kakyuleta n'kutionetsa: 0.71. Malire a sefa yathu analidi pa 1,590 Hz. Ife tinkagawa ndi 2, nambala yomwe sinkafika n'komwe pa sefayo.

Bambowo analoza ndi cholembera pambali pa kamwa yotulutsira magetsi ya makinawo. Panali timalemba ting'onoting'ono tomwe ndinatiyang'ana masabata atatu osatiwerenga: 50 Ω. Anatifotokozera kuti m'kati mwa makinawo, magetsi asanatuluke, amadutsa pa chopinga cha ma ohm 50. Si chilema, anachiikamo dala, kuti chigwirizane ndi mawaya a coaxial a ma ohm 50 amene amagwiritsidwa ntchito m'malabotale, pofuna kuti mafunde ofulumira kwambiri asamabwerere m'mbuyo akafika kumapeto kwa waya. Zili ngati mpopi wodyetsedwa ndi paipi yopapatiza. Mukatsegula pang'ono, madzi amatuluka ndi mphamvu yonse. Mukatsegula kwambiri, mphamvu imagwa chifukwa ina yathera m'paipimo. Pa liwiro lochepa, capacitor yathu inkapinga kwambiri, sefa inkakoka magetsi ochepa, ndipo ma ohm 50 aja sankaonekera. Liwiro likakwera, capacitor inkatsegula njira, sefa inkakoka magetsi ambiri, ndipo gawo la ma volt 2 aja linkathera m'kati mwa makina momwemo.

Anandipatsa choko n'kunena kuti ndiwerengetsenso pabolodi, koma R ikhale 100 kuphatikiza 50. Ndinalemba 1 kugawa ndi 2π kuchulukitsa ndi 150 kuchulukitsa ndi 1 microfarad. Yankho linatuluka 1,061 Hz. Ndinaima ndi choko m'manja osayankhula. Nambala ija ndinkafuna kuifufuta inali yolondola kuposa nambala ina iliyonse imene ndinayezapo m'moyo wanga. Kwa masiku awiri inkatiuza kuti m'njira ya magetsiwo muli ma ohm 150, ife n'kumaiuza kuti ikunama.

Mnzanga anafunsa chifukwa chake magulu ena sanavutike. Bambowo anati tiwerengetsenso. Kwa iwo, ma ohm 50 anawonjezereka pa 1,000, kukhala 1,050, ndipo masamu amapereka 1,516 Hz. Ndiye kuti anzathu aja vutoli anali nalo, koma laling'ono, la 5 pa 100, ndipo pafupifupi onse analemba m'malipoti awo kuti kusiyanako kwadza chifukwa cha capacitor yosakwana bwino. Wolemba malangizo anasankha ma ohm 1,000 akudziwa chimene akuchita. Masamu anga a R kuchulukitsa ndi C sanali olakwa, koma ndinaiwala kuti makina ogogodera aja nawonso ndi gawo la chinthu chimene tikuyezacho.

Tisanachoke anatichenjeza za misampha ina iwiri. Woyamba ndi wakuti makina ambiri amafunsa ngati mwawalumikiza ku katundu wa ma ohm 50 kapena ku chinthu chopinga kwambiri monga oscilloscope. Mukawasiya akuganiza kuti pali ma ohm 50 pamene palibe, kasikirini kamanena 1 koma pa waya pali 2. Wachiwiri ndi wa kachingwe kakuda kopanira ka oscilloscope. Kameneka n'kolumikizidwa ku nthaka kudzera pa pulagi, ndipo pa makina ambiri otulutsa mafunde mbali yakunja ya waya ilinso chimodzimodzi. Mukakapanira pakati pa resistor ndi capacitor, mwalambalalitsa kachipangizo kamodzi osadziwa, ndipo zomwe muyeze zikhala za sefa ina, osati yanu. Anamaliza ndi mawu akuti, "Nambala ya pa kasikirini ndi lonjezo chabe. Chimene chafika pa waya, chiyezeni."

Lipoti tinalemba usiku wa Lachinayi. Tinaikamo zonse: kuti tinasintha tizipangizo ndi chifukwa chake, manambala oyamba aja a 1,060, manambala atsopano a mafunde onse awiri, ndi masamu a ma ohm 150. Sitinapeze malikisi apamwamba m'kalasi. Aphunzitsi anatichotsera chifukwa chosiya malangizo osapempha chilolezo, ndiponso chifukwa galafu yathu tinaijambula pa mizere wamba m'malo mwa mizere yokwera kakhumikakhumi imene imayenera pa ntchito yotere. Koma sabata yotsatira anabweretsa sefa yathu ya ma ohm 100 kutsogolo n'kuuza kalasi yonse kuti iyeze funde lolowa. Gulu lina linapempha kukonza chiganizo chawo chonena za capacitor.

Chaka chamawa ndidzapita kukayeserera kuphunzitsa, ndipo ndikudziwa kuti sukulu imene ndidzapiteko mwina siidzakhala ndi function generator kapena oscilloscope. Zimenezi sizikundidetsa nkhawa monga kale. Foni yokhala ndi pulogalamu yotulutsa liwu limodzi imagwira mbali ya ntchitoyi pa mafunde omveka ndi khutu. Ndayesa kale ndi paipi ya pulasitiki yoimika m'ndowa ya madzi. Mukaliza 440 Hz pakamwa pa paipi n'kumaikweza pang'onopang'ono, liwu limakula mwadzidzidzi pamene mpweya wa m'paipimo watalika pafupifupi masentimita 19. Kutalika kumeneku ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, ndipo kuchokera apo ana akhoza kuwerengetsa liwiro la mawu mumpweya, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi kukatentha madigiri 20. Nambala yawo idzatsikirapo pang'ono, chifukwa mpweya wonjenjemerawo umapitirira kamwa ya paipi pang'ono. Ndikufuna kuti kuperewera kumeneko adzakuone okha n'kufunsa chifukwa chake.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mwana amene adzabwere ndi nambala yosagwirizana ndi buku. Ndikumudziwa mwanayo chifukwa ndinali ine. Amakhala ataona kale kuti anzake apeza zofanana, belu latsala pang'ono kulira, ndipo labala ali nalo m'thumba. Aphunzitsi anga a ku sekondale sanandiuzepo kuti ndiname. Anali ndi kalasi yodzaza, nthawi yochepa ndi mayeso a boma kutsogolo, ndipo ankachonga yankho lomaliza. Ine ndinangophunzira ndekha kuti yankho lofanana ndi buku limalipidwa, losiyana limalangidwa. Ngati nanenso ndidzachonge motero, ana anga adzaphunzira zomwezo ngakhale nditawalalikira za chilungamo tsiku lililonse. Ndiye ndaganiza zinthu ziwiri zazing'ono. Manambala oyezedwa azidzalembedwa ndi bolopeni, osati pensulo, ndipo wolakwitsa azidzangodula mzere umodzi kuti zakale zizionekabe. Komanso malikisi ambiri azidzapita pa kufotokoza chifukwa chake nambala yatuluka choncho, osati pa kufanana kwake ndi buku. Sindikudziyesa wolimba mtima kuposa mnzanga uja anapereka ganizo losuntha manambala. Iye anangolankhula, amene analemba mndandanda wabodza ndine. Chimene chinatipulumutsa ndi mnzathu amene anakana kuikapo dzina lake, ndi bambo amene anatifunsa funso m'malo motikalipira.

Tsamba labodza lija sindinaling'ambe. Likadali m'kope langa, moyang'anana ndi loona, ndipo ndinalidula mzere kuchokera pakona kufika pakona. Manambala ake ndi okongola, amatsika mwadongosolo n'kudutsa pa 1.41 pamalo pomwe buku likufuna. Alibe chilichonse chimene angandiphunzitse. A tsamba linalo ndi amene anandionetsa ma ohm 50 obisika m'kabokosi kotuwa. Masiku ano ndikalowa m'labotale, ndisanagwire kagudumu kaja ndimayamba ndalumikiza makomo onse awiri a oscilloscope, lina pa zotuluka, lina pa zolowa. Mnzanga amandiseka kuti ndasanduka wosakhulupirira makina, koma ndaona kuti nayenso amachita chimodzimodzi.